Kilwa, chigayo chomangidwa pothera mphepo

Mwini chigayo salima chimanga chimene chimagayidwa m'chigayo chake. Ena alibe ndi munda womwe. Koma ikafika Okutobala, ife olima tikuwerenga matumba otsala m'nyumba, iye ndiye akukhoma malata atsopano. Sanatibere ayi. Anangoyang'ana pamene njira za midzi inayi zimakumana, n'kuika makina ake pomwepo, ndipo aliyense wofuna ufa amadzera pakhomo pake n'kusiya kangachepe.

Ndayambira kuchigayo, abale anga, chifukwa ndikufuna tikambirane za mzinda wina wa kuno ku Africa umene unalemera mwa njira yomweyo zaka 700 zapitazo, Apwitikizi asanaone gombe la kum'mawa kuno. Dzina lake ndi Kilwa Kisiwani, ndipo liwu lachiwirilo m'Chiswahili likungotanthauza kuti pachilumba. Kachilumba kake kali kugombe la Tanzania, makilomita pafupifupi 300 kummwera kwa Dar es Salaam. Lero ndi mudzi wa asodzi wozingidwa ndi mabwinja a miyala, amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 1981. Koma m'zaka za m'ma 1300 panalibe mzinda wolemera kuuposa pagombe lonselo. Pachilumbapo panalibe mgodi wa golide. Panalibe njovu. Nsalu zapamwamba zinkachokera kutsidya la nyanja. Chimene Kilwa anali nacho ndi malo amene anakhalapo.

Tiyambe ndi mphepo, popeza ndiyo inali dizilo wa chigayo chimenechi. Amene munakhalako ku Nkhotakota, ku Salima kapena ku Nkhata Bay mukudziwa kuti nyanja yathu ili ndi mphepo ziwiri zazikulu. M'miyezi yozizira kumawomba mwera kuchokera kummwera, ndipo msodzi akauona amakokera bwato kumtunda. Kukatentha, mvula ili pafupi, mphepo imatembenuka, kumabwera mpoto. Nyanja yamchere ya India nayo ili ndi mphepo ziwiri zotero, kungoti zake zimawomba mtunda wa makilomita zikwizikwi ndipo sizilumpha chaka. Kuyambira cha mu Novembala mpaka Malichi imachokera kumpoto chakum'mawa, Aswahili amati kaskazi. Kuyambira Epulo mpaka cha mu Seputembala imachokera kummwera, imeneyo ndi kusi.

Ngalawa za nthawi imeneyo zinalibe injini, zinkayenda ndi thanga. Choncho wamalonda wa ku Aden, ku Hormuz kapena ku Cambay m'dziko la India ankalongedza katundu wake n'kumadikira kaskazi, monga mmene ife timadikirira mvula yoyamba mbewu ili kale m'chidebe. Kaskazi ankamukankhira ku Africa, kusi n'kumubwezera kwawo. Pakati penipeni pa kusi, mu Juni ndi Julayi, nyanja imakalipa ngati mwera wathu uja, kotero wobwerera ankanyamuka kumayambiriro kwa mphepoyo kapena kumapeto kwake. Wochedwa anali ngati wobzala mu Febuluwale. Nyengo simudikira munthu kuti amalize kutsatsa malonda.

Tsopano taganizani za mnyamata wa pakhomo pano amene amapita ndi tomato kumsika pa njinga. Akamasankha msika sawerenga mtunda umene angathe kupalasa basi. Amawerenga mtunda umene angapite, kugulitsa, n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Msika wa patsogolo pake ukhoza kukhala ndi mitengo yabwino, koma akapitako agona komweko, alipira pogona, agula chakudya, mpindu wonse n'kuthera m'njira. Pali msika wina umene uli malire ake, ndipo ogula a kutali amadziwa kuti akafuna tomato wake ayenera kumupeza pamenepo.

Kwa ngalawa zochokera kumpoto, Kilwa ndiye anali msika wa m'malirewo. Munthu ankatha kufikapo ndi kaskazi n'kubwerera ndi kusi chaka chomwecho. Kupitirira apo, makamaka ukadutsa Cape Delgado, kaskazi amafooka, ndipo madzi a pakati pa Mozambique ndi Madagascar amathamanga mosokoneza. Wopitirira ankataya osati usiku umodzi ngati mnyamata wathu, koma chaka chathunthu. Tsono golide ankatulukira ku Sofala, kummwera kwa mzinda wa Beira wa lero, kutali ndithu ndi pothera mphepo. Chigawo chotsalacho ankayenda ndi eni gombe, odziwa matanthwe ndi timphepo ta m'mphepete. Mbiri imene Apwitikizi anamva kwa eni ake imati poyamba malonda a ku Sofala anali m'manja mwa anthu a ku Mogadishu, ndipo a ku Kilwa anawatenga m'zaka za m'ma 1100. Kuyambira pamenepo, wofuna golide wa kummwera ankagogoda pakhomo la Kilwa.

Ngalawa za eni gombezo n'zoyenera kuziyang'ana pang'ono. Ina ya izo, yotchedwa mtepe, inalibe msomali ngakhale umodzi. Matabwa ake ankawasoka ndi chingwe cha makoko a kokonati, monga mmene wosoka lichero amamangira mkombero wake, ndipo thanga lake linali lolukidwa ngati mkeka. Womva koyamba amaganiza kuti kumeneko kunali kusauka. Koma lichero likagwa pansi limangopindika, pamene mbale yadothi imasweka. Ngalawa yosokedwa ikakhudza mchenga kapena tanthwe inkapindika n'kubwerera, ndipo chingwe chikatha ankasokanso ndi zinthu zomera pagombe pomwepo.

Golide uja ankachokera kumtunda, kuzitunda za pakati pa Limpopo ndi Zambezi, dziko la Zimbabwe lero. Okumba ake ambiri anali alimi ngati ife. Akakolola, m'chilimwe ntchito za kumunda zitachepa, ankapita kumitsinje kukasefa mchenga m'mbale zamtengo, kuzunguza ngati mayi wopeta mphale, mpaka tofiira tolemera titatsalira pansi. Ena ankakumba maenje kutsata mtsempha wa mwala, kusonkhapo moto kuti mwalawo ung'ambike, n'kuupera pamphero. Zinali ntchito zowawa, ndipo chotuluka chinali fumbi lochepa. Fumbi limeneli linkadutsa m'manja ambiri, kuchoka kwa wokumba kupita kwa mfumu yake, kwa amtengatenga, mpaka kugombe. Ibn Battuta, mlendo wa ku Tangier m'dziko la Morocco amene anafika ku Kilwa mu 1331, anauzidwa kuti kuchoka ku Kilwa kukafika ku Sofala ndi ulendo wa theka la mwezi, ndipo golide amafika ku Sofala kuchokera kudziko la kumtunda, ulendo wa mwezi wathunthu.

Umboni wa njira imeneyi ulipo wogwirika ndi manja. M'mabwinja a Great Zimbabwe anapezamo mapale a mbale za ku China ndi ku Persia, mikanda yagalasi, ndiponso kandalama kamodzi ka mkuwa kolembedwa dzina la al-Hasan ibn Sulaiman, mfumu ya Kilwa yomwe Ibn Battuta uja anaipeza pampando. Umboni wina uli m'kamwa mwathu. Liwu loti ndalama, limene Ashona amati ndarama potchula golide, akatswiri a zilankhulo amalilondola mpaka ku dirham, ndalama ya Aluya. Linakwera kumtunda ndi malonda a m'nyanja yomweyi, ndipo mwana wopempha ndalama ya sopo lero akutchula liwu limene linatsika m'ngalawa.

Pano pali funso limene ndimalimva kawirikawiri, ndipo limandipweteka chifukwa limanyoza makolo popanda chifukwa. Anthu amati, inali nzeru yanji kupereka golide n'kulandira nsalu ndi mikanda? Abale anga, mtengo wa chinthu umadalira pamene chili. Usipa kugombe ku Senga Bay amakuninkha waulere ukathandiza kukoka khoka, koma ukafika nawo ku Mchinji umagulitsidwa pa kamulu. Kwa mlimi wa kuzitunda za Zimbabwe, golide anali chitsulo chofewa chosasulika khasu kapena nkhwangwa. Chuma chenicheni chinali ng'ombe. Nsalu yopyapyala ya ku Gujarat, ku India, yonyikidwa mu utoto wosasuluka, inali chinthu china. Inu mukudziwa ntchito ya chitenje pakhomo pano. Timaberekera mwana, timapereka kwa apongozi, timanyamula popita kumaliro, timathokozera namwino wa kumudzi. Nsalu inali yotero, ndipo mfumu yokhala ndi mitolo ya nsalu inkatha kufupa ankhondo, kumanga ubale ndi mafumu anzake, ndi kulipira milandu. Mikanda nayo siwola, sidyedwa ndi chiswe, imagawika, imanyamulika m'kathumba. Chinthu chotere chimagwira ntchito ya ndalama. Wa kumtunda ankaona kuti wagula chosowa ndi chinthu chotola mumtsinje, wa ku Cambay nayenso ankaona chimodzimodzi. Amene ankadziwa mitengo ya mbali zonse ziwiri anali wa pakati uja, ndipo mpindu waukulu unkatsalira kwa iye.

Pambali pa golide panali minyanga ya njovu, imene zaka zambiri inkaposa golideyo pa kuchuluka kwa katundu. Njovu ya ku Africa ili ndi minyanga ikuluikulu, yaimuna ndi yaikazi yomwe, ndipo mnyanga wake ndi wofewa posema. Ku India ankaufuna popanga makoza a akwatibwi. Al-Masudi, amene anayenda pagombeli cha mu 916, analemba kuti minyanga inkapita ku Oman, n'kupitirira ku India ndi ku China. Munkalowanso zigoba za akamba a m'nyanja, ndi milimo ya mitengo yomera m'matope a m'mphepete mwa nyanja, yotchedwa mikoko, imene maiko a chipululu a Aluya ankafolera nyumba zawo. Ifenso malonda a nyanja imeneyi anatikhudza. Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, kumene kunali likulu la Kalonga, katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi anapeza mikanda yagalasi, mapale a mbale za ku China ndi zidutswa zambiri za minyanga yosemedwa.

Nanga kangachepe ka mwini chigayo kanali kotani? Sikanali kangachepe. Mpwitikizi wina, Diogo de Alcáçova, analembera mfumu yake kalata mu 1506 yofotokoza misonkho imene anaipeza. Wamalonda wofika ku Kilwa ndi nsalu ankasiya magawo awiri mwa atatu m'manja mwa mfumu. Akafika ku Sofala ndi zotsalazo, nsalu imodzi pa zisanu ndi ziwiri zilizonse inalinso ya mfumu ya Kilwa. Pobwerera ankayenera kuimanso pa Kilwa n'kupereka miyeso 50 pa miyeso 1,000 iliyonse ya golide. Muyeso wake unkatchedwa mithqal, wolemera magalamu anayi ndi pang'ono. Tayerekezani kupita kuchigayo ndi ndowa zitatu n'kubwerako ndi ufa wa ndowa imodzi. Munthu angavomere zimenezo pokhapokha ngati ndowa imodziyo akaigulitsa pa mtengo wobweza zonse zitatu ndi kupitirira, ndiponso ngati palibe chigayo china pafupi. Mfundo yachiwiriyi muisunge, tidzaipezanso kutsogoloku.

Koma msonkho wokha sumanga msika. Timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mlendo wa ku Kilwa sanali mame. Ankafika mu Januwale kapena Febuluwale n'kukhala mpaka mphepo itatembenuka, miyezi ingapo, ali ndi katundu wa ndalama zambiri m'dziko la eni, lopanda banki ndi inshuwalansi. Ankafunika pogona, posunga katundu, womasulira, ndi munthu womuimira pakabuka mlandu. Ibn Battuta anaona mmene zinkachitikira ku Mogadishu, kumpoto kwa gombe lomweli. Ngalawa ikangoima, anyamata ankapalasa timabwato kukaichingamira, aliyense atanyamula mbale ya chakudya yovundikira. Wamalonda wolandira mbaleyo ankakhala mlendo wa nyumba imeneyo, ndipo kugula ndi kugulitsa kwake konse kunkadzera mwa mwini nyumbayo. Zili ngati wogula mtedza wochokera kutauni amene amafikira kwa munthu mmodzi m'mudzi chaka ndi chaka. Iyeyo ndiye amadziwa amene ali ndi mtedza wouma bwino, amene amabweza ngongole, ndi amene amathira mchenga m'thumba.

Mfumu ya Kilwa inali wolandira alendo wamkulu kuposa onse. Al-Hasan ibn Sulaiman, wa banja la Mahdali limene linatenga ufumu cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1200, anamanga nyumba yotchedwa Husuni Kubwa pachitunda choyang'ana doko. Inali ndi zipinda zoposa 100, dziwe losambira la ngodya zisanu ndi zitatu, ndi bwalo lalikulu lozunguliridwa ndi zipinda zosungira katundu. Kunena kwina, nyumba yachifumu ndi nkhokwe ya malonda zinali mumpanda umodzi. Anakuzanso mzikiti waukulu wa mumzindawo. Anthu anamupatsa dzina loti Abu al-Mawahib, tate wa mphatso, ndipo Ibn Battuta anasimba kuti tsiku lina Lachisanu, potuluka mumzikiti, wosauka wina anamupempha zovala zimene anavala, iye n'kukavula n'kumupatsa. Ife timati kupatsa n'kuika. Mbiri ya mfumu yopatsa inkakwera ngalawa n'kukafika ku Aden ndi ku Mecca, ndipo wamalonda posankha doko loti akagonekeko chuma chake miyezi inayi ankaikumbukira. Chisilamu nacho chinkathandiza. Mlendo ndi mwini mudzi ankapemphera mumzikiti umodzi, ndipo ngongole ikavuta onse ankadziwa lamulo limene woweruza adzatsate.

Mabuku akale a kusukulu ankati mizinda imeneyi inamangidwa ndi Aluya kapena Aperezi, ngati kuti munthu wakuda sakanatha kuyala mwala pamwamba pa unzake. Nkhani imene eni ake ankasimba ndi yakuti Ali bin al-Hasan, wochokera ku Shiraz ku Persia, anagula chilumbacho kwa mfumu ya pamalopo ndi nsalu zokwanira kuchizungulira chonse. Ife Achewa tili ndi chida chabwino chomvetsera nkhani yotere, ndicho chikamwini. Mwamuna amachokera kutali, n'kukwatira pamudzi, n'kumanga nyumba pamalo a akuchikazi. Akhoza kubwera ndi luso, chipembedzo ndi dzina lake, koma ana ndi a pamudzipo, ndipo amayankhula chiyankhulo cha mayi awo. Kafukufuku wa DNA ya mafupa a m'manda akale a pagombeli, kuphatikizapo a ku Kilwa ndi a pachilumba choyandikana nacho cha Songo Mnara, amene anafalitsidwa mu 2023, anapeza zofanana ndi zimenezi: kuchimuna kwa mabanja apamwamba kunali magazi ambiri a ku Persia kuyambira cha m'ma 1000, koma kuchikazi kunali kwa kuno ku Africa. Ndipo tamverani chiyankhulo chawo. Moto amati moto, nyumba amati nyumba, nyama ndi nyama, mbuzi ndi mbuzi, mvula amati mvua, madzi amati maji. Ameneyo ndi m'bale wa Chichewa, wobadwa naye m'mimba imodzi, amene anakakhala kugombe n'kutolako mawu a alendo ake.

Mukafuna kudziwa mwini khomo weniweni, musayang'ane mbale za m'kabati, yang'anani mphika wa pamafuwa. Katswiri wofukula zakale Neville Chittick atafukula Kilwa m'zaka za m'ma 1960, ndi ena amene anabwera pambuyo pake, anapeza kuti pa mapale 100 alionse, ochokera kunja ndi owerengeka ndi zala za dzanja limodzi. Otsala onse ndi a miphika youmbidwa pomwepo ndi dothi la pomwepo. Mbale za ku China zinali ngati zija amayi amatulutsa kukabwera alendo, moti zina ankazimatirira m'makoma ndi kudenga kuti zizioneka. M'miphikamo munkaphikidwa mapira, mchewere, mpunga, nsomba ndi nyama ya mbuzi. Chimanga kunalibe, chinabwera pambuyo kuchokera ku America, kotero chigayo chathu chija n'chofanizira chabe.

Mzindawo sunkangodikira za m'ngalawa. Anthu ankalima thonje, kulipota ndi kuomba nsalu zawozawo, ndipo timiyala tobooka pakati tozunguzira ulusi tapezeka tambirimbiri. Ankasula zitsulo. Ankasema mikanda ya zigoba. Nyumba zamiyala ankamangira matumbawe, miyala yomera pansi pa nyanja, imene imadulika mosavuta ikadali yonyowa n'kuuma gwa ikakhala padzuwa. Ina ankaiwotcha pamulu wa nkhuni, monga timawotchera uvuni wa njerwa, kuti ipereke laimu womangira ndi wopaka. Ngakhale kukula kwa chipinda kunkalamulidwa ndi mtengo: mlimo wa mkoko sutalika kwenikweni, choncho zipinda zinali zazitali koma zopapatiza, zosapitirira mamita atatu m'lifupi. Aliyense amene anafolerapo nyumba ndi mitengo ya bulugamu yodula yekha akudziwa kuti mtanda ndiwo umauza mmisiri poika khoma. Ndipo anthu wamba ambiri ankakhala m'nyumba za dothi ndi mitengo, zofolera ndi masamba a kokonati.

Ndalama za mkuwa, zimene mafumu a Kilwa ankasula zolembedwa maina awo m'Chiarabu, zapezeka zikwizikwi pachilumbapo. Sizinali zogulira golide. Zinali zosinthira pamsika, zogulira nsomba, nkhuni ndi ndiwo zamasamba, ngati timakobidi timene mumapatsa mwana pomutuma mchere. Mudzi umene mayi wogulitsa nsomba amalandira kobidi m'malo mwa mbale ya mapira ndi mudzi umene anthu ambiri asiya kudzilimira chakudya chonse, akudalira msika.

Chuma chodalira njira chimadwala njirayo ikadwala. Cha pakati pa zaka za m'ma 1300, nthawi imene mliri waukulu unapulula anthu m'maiko ogula golide, malonda anazilala. Husuni Kubwa anasiyidwa asanakhalidwe nthawi yaitali, ndipo mbali ina ya mzikiti waukulu inagwa n'kukhala yosakonzedwa kufikira m'ma 1400, pamene zinthu zinayambanso kuyenda. Kenaka njira yeniyeniyo inayamba kusuntha. Great Zimbabwe anafooka cha m'ma 1450, mphamvu n'kusamukira kumpoto, ku ufumu wa Mutapa, kufupi ndi Zambezi. Golide anayamba kutsika ndi mtsinjewo n'kumatulukira ku Angoche, doko limene mbiri ya kumeneko imati linakhazikitsidwa ndi anthu ochoka ku Kilwa komweko. Mfundo ija ndinati muisunge ndi imeneyi. Chigayo china chinatsegulidwa pafupi, ndipo munthu amene wakhala akusiya ndowa ziwiri pa zitatu sachita kuuzidwa kawiri.

Apwitikizi anapeza zinthu zili choncho, m'banja lachifumu mulinso mikangano ya mpando. Mu 1502 Vasco da Gama anaimika zombo zake za mizinga padoko n'kulamula msonkho wa mithqal 1,500 za golide. Golide ameneyo anapita ku Lisbon, kumene mmisiri Gil Vicente anasulira chotengera cha Ukalistia chodziwika ndi dzina la Belém, chomalizidwa mu 1506, ndipo chikusungidwabe m'nyumba yosungira zakale mumzindawo. Mu Julayi 1505 Francisco de Almeida analanda Kilwa, asilikali ake n'kufunkha nyumba, ndipo anamangapo linga. Chaka chomwecho Apwitikizi anamanganso lina ku Sofala. Maganizo awo anali akuti akagwira makomo awiriwa, golide yense adzagwera m'manja mwawo.

Anali ngati munthu wolanda chigayo ndi mfuti n'kukhala pakhomo kudikira ndalama. Makina anali nawo, koma sankadziwa amayi obwera ndi chimanga, sankadziwa wokongoza dizilo, ndipo amene ankadziwa zonsezi anali atathawa. Nsalu zimene anthu a kumtunda ankafuna zinali za ku Gujarat, osati za ku Ulaya. Ubale wa mlendo ndi mwini nyumba, womangidwa ndi maukwati ndi ngongole za mibadwo, sukanalandidwa ndi mzinga. Amalonda Achiswahili anangokhotera ku Angoche ndi m'timadoko tina, kuyenda ndi timabwato tosaoneka ndi zombo zazikulu. Golide wofika m'linga la ku Sofala anali wochepa kwambiri poyerekeza ndi amene ankayembekezera, ndipo mu 1512 Apwitikizi anachoka ku Kilwa, linga lawo litawadyera ndalama ndi anthu. Mzindawo unatsala, mafumu ake anapitiriza kulamula, koma golide sanabwererenso.

Pali katundu wina amene sindinamutchule, ndipo sindingatseke nkhaniyi osamutchula, chifukwa ndi anthu. Ngakhale m'masiku a tate wa mphatso uja, Ibn Battuta analemba kuti mfumuyo inkapita kukathira nkhondo anthu a kumtunda osakhala Asilamu n'kubwera ndi zofunkha, ndipo akapolo anali m'gulu la mphatso zimene inkapereka. Kupatsa kwake kunali ndi olipira. Koma malonda a anthu anakula moopsa pambuyo pake, Kilwa atayambanso kupuma. Mu 1776 mfumu ya pachilumbapo inapangana ndi Mfalansa wina, Jean-Vincent Morice, kuti izimugulitsa akapolo 1,000 chaka chilichonse, okalima m'minda ya pazilumba za Afalansa monga Mauritius. Posakhalitsa Aluya a ku Oman anatenga ulamuliro, ndipo m'ma 1840 mfumu yomaliza ya Kilwa Kisiwani inachotsedwa. Msika unali utasamukira kumtunda, kumpoto pang'ono, ku Kilwa Kivinje, kumene kunakhala doko lalikulu lotumizira akapolo ku Zanzibar.

Njira yodyetsa doko limenelo inkayambira kwathu kuno. Amalonda Achiyao ankatsika nayo ndi minyanga, pambuyo pake ndi anthu oisenza minyangayo, amene nawonso ankagulitsidwa akafika. Ku Nkhotakota, Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika cha m'ma 1840 n'kupanga ngalawa za matanga zonga za kugombe. Oyendetsa ake ankayang'ana kumwamba, kudikira kuti mwera utsike, n'kuwolotsa anthu ogwidwa m'midzi ya kumtunda kwa Nkhotakota, ya ku Kasungu ndi kupitirira. Kutsidya ankawatsitsa pamchenga, goli lili m'khosi, n'kuyamba ulendo wapansi wa miyezi wopita ku Kilwa.